Sowo Ndi Mpeni Kapena Ndi Injini?

Mvula ikangoyamba kubwera ndi mphepo, mitengo ya bulugamu n'kuyamba kuweramira pa madenga ndi pa mawaya a magetsi, nkhani ya sowo ya injini imakhala pakamwa pa aliyense m'tauni muno. Ambirife sitinaigwirepo, koma tonse tinaimva ikulira, tinaiona ili pa ntchito, ndipo enafe tinailipirira ndalama zathu, ndiye maganizo tili nawo. Ikangolira kuseri kwa tchalitchi, a pa bawo amaimitsa masewero n'kutchera khutu. Wina amati, "Imeneyo ndi yaikulu, achimwene, tamverani mawu akewo." Wina amati, "Ayi madala, ndi kamwana kameneko, kongodziwa kukuwa." Wometa amasiya mutu wa munthu uli mbali imodzi kuti naye aponyepo mawu. Pa nkhaniyi takangana m'minibasi, takangana pa chigayo, takangana pasiwa moto ukuyaka, ndipo funso lake ndi lomwe lija: chimene chimagwetsa mtengo n'chiyani, kutalika kwa mpeni kapena kukula kwa injini?

Gulu loyamba ndi la oweruza ndi maso. Iwo amati sowo imadziwika ndi mpeni wake, chitsulo chophwatalala chija chimene tcheni chimazungulirapo. Wocheka akatsika pa njinga yamoto atasenza sowo ya mpeni wofika m'chiuno, anthuwa amagwedeza mutu kuti eya, mwini ntchito wafika, ndipo malipiro amene watchula sawanenerera. Akabwera wa mpeni wotalika mkono umodzi, amamufunsa ngati wabwera kudzadula mtengo kapena kudzasadza maluwa. Ocheka nawo si ana, zimenezi akuzidziwa. Mphekesera ikuti alipo amene amagula mpeni wautali osati poganizira mtengo woti agwetse, koma poganizira mwini mtengo woti amukope.

Gulu lachiwiri ndi la amakaniko ndi onse okhalitsa pa magalaja, kaya ku Biwi kaya ku Ndirande. Awa amaseka akamva za kutalika. Amati mpeni umagulidwa padera ndipo umasinthidwa ndi sipanala imodzi tiyi asanazizire, pamene injini ndiyo ndalama zako zonse. Gula yaikulu, amatero, zina zonse zitsatira. Ndiye pali gulu lachitatu, limene silifuna kumva za mainchi kapena za ma cc, koma dzina basi. Ena amalumbira pa Stihl ya ku Germany, kampani imene Andreas Stihl anayambitsa mu 1926. Ena amafera Husqvarna ya ku Sweden, ndipo amakukumbutsa monyadira kuti kampaniyo inayamba ndi kusula mfuti mu 1689. Anzawo aja amawayankha kuti bulugamu saopa mbiri. Akakangana mpaka mawu kusasa, amaiwala kuti makampani onse awiri amapanga masowo aang'ono osadzira nthambi ndi aakulu ogwetsera zimphona, kotero dzina lokha silinayankhe kanthu.

Tiyeni tiukhazike pansi mlanduwu. Ma cc amene amakaniko amatchulawo ndi omwe aja timawamva pa njinga zamoto: kukula kwa malo amene pisitoni imayendamo. Malowo akakula, mafuta opsa nthawi imodzi amachuluka, mphamvu yokoka tcheni n'kuchulukanso. Ndipo palibe mwa ife amene sanaonepo wakabaza wa njinga yamoto atakweza anthu atatu ndi thumba la makala akukwera chitunda. Njingayo imalira kwambiri, imayenda pang'ono, n'kumanunkha kupsa. Ngakhale ataiwotcherera mpando wautali kuti pakwere wachinayi, mphamvu siziwonjezeka. Pa sowo ndi chimodzimodzi. Mpeni ukatalika tcheni chimatalika, ndipo mano olowa mu mtengo nthawi imodzi amachuluka. Pa tcheni chofala chija cha 3/8, mpeni wa mainchi 16 umanyamula mano 30, wa mainchi 20 mano 36, wa mainchi 24 mano 42. Dzino lililonse limasema kachibanthu kake n'kukakoka mpaka katulukire kunja, ndipo wokoka zonsezo ndi pisitoni imodzi yomwe ija. Onjezanipo kukhulana kwa tcheni ndi ngalande ya mpeni, kumene kumakula njira ikatalika. Onjezaniponso kapampu ka oyilo kamene kanapangidwira mpeni waufupi, koma tsopano kakuuzidwa kuti kanyowetse mpaka kutali.

Koma a mpeni wautali nawo ali ndi mboni, ndipo mbonizo sizikunama. "Yanga ndi ya 45cc," wina amatero, "ndinaiika wa 24, ndipo imadula osadandaula." Mukamufunsa zimene amadula, mupeza kuti ndi mapolo a mpanda ndi nkhuni zosaposa ntchafu ya munthu. Pamenepo mano olowa mu mtengo ndi ochepa, mpeni wotsalawo ukungoyenda m'malere, injini n'kumapuma bwino. Vuto limadikira tsiku limene mpeni wonse udzamire m'thunthu, ndipo tsikulo limafika ndithu, chifukwa munthu wa mpeni wautali ndi amene anthu amamuitanira mitengo ikuluikulu.

Tsiku loterolo tonse tinaliona, aliyense m'dera lake. Thunthu louma la bulugamu lagona m'mbali mwa msewu, ana aima chapatali zala zili m'makutu. Wocheka akukoka chingwe, sowo ikulira ndi mawu akuthwa, ndipo mainchi oyamba ikulowa mokondweretsa, zibanthu zikuthothoka n'kumugwera pa nsapato. Mpeni ukamira wonse, mawu aja ayamba kutsika. Munthu uja akuyamba kukankha ndi ntchafu, akugwedeza sowo uku ndi uku. Zibanthu zasanduka ufa. Mu mng'alu mukutuluka utsi, ndipo si utsi wa injini, ndi mtengo umene ukupsa. Kenako tcheni chaima chilili injini ikubuulabe, kilatchi ikuterereka n'kumatentha. Akuzula mpeni movutikira, m'mphepete mwake mwada ndi moto, tcheni chauma gwa ndipo chalendewera kunsi. Apa ndiye bwalo limatseguka. Wochekayo akuti petulo wa m'zigubu ndi wosakaniza. Mwini mtengo akuti anabzala ndi malemu agogo ake, ndiye sukufuna kuchoka. Mayi wogulitsa mandasi akuti mwina mkatimo muli misomali. Za misomalizo zimachitikadi, makamaka pa mitengo ya m'misewu imene anthu amakhomapo zikwangwani. Koma nthawi zambiri yankho lili poyera: injini ya nkhuni yapatsidwa mpeni wa m'nkhalango.

Nanga opanga masowowo amati chiyani? Iwo anayeza kale, ndipo m'buku la sowo iliyonse analembamo mpeni wautali kwambiri umene injiniyo ingakoke, kungoti bukulo ambiri amayatsira mbaula tsiku lomwe agula. Sowo yaing'ono ya 30cc, monga Stihl MS 170, imayenda ndi mpeni wa mainchi 12 mpaka 16. Ndi ya nthambi ndi nkhuni. Ya 45cc, monga MS 250, malo ake ndi 16 kapena 18. Zikafika cha m'ma 60cc, mpeni wa 18 kapena 20 umakhala bwino. Za 72cc, monga MS 382 ndi Husqvarna 272XP, zimene zimaoneka kwambiri m'manja mwa odyera m'ntchitoyi, zimakoka wa 20 mosangalala ndi wa 24 mosadandaula. Mipeni ya mainchi 30 ndi 36 ndi ya zimphona zopitirira 90cc, monga MS 660, Husqvarna 395XP ndi Stihl 070 ya 106cc ija imene imamveka mpaka mudzi wachitatu. Kwa oganiza m'masentimita, mainchi 16 ndi 40, mainchi 20 ndi 50, mainchi 24 ndi 60, mainchi 36 ndi 90. Manambalawa amasuntha pang'ono malinga ndi wopanga, koma simudzapeza buku lopatsa injini ya 45cc mpeni wa mainchi 30.

Apa a gulu loyamba amadzuka ndi mfundo imene amaiyesa yosagonjetseka: mpeni uyenera kuposa kunenepa kwa mtengo, apo ayi udutsa bwanji? Mfundoyi imamveka bwino pa bawo, koma m'nkhalango inagwa kalekale. Wocheka wodziwa amadula mbali iyi, n'kuzungulira kukadula mbali inayo, ming'alu iwiriyo n'kukumana pakati. Motero mpeni wa mainchi 20 umagwetsa mtengo wa mainchi 30 popanda mlandu, ndipo m'manja mwa katswiri umayandikira kuwirikiza kutalika kwake. Chodabwitsa n'chakuti ambiri okangana za mpeni sanayezepo mtengo ndi kamodzi komwe. Pokamba nkhani, bulugamu aliyense ndi "woti anthu asanu sangamukumbatire", koma mukapita ndi chingwe mupeza zina. Zungulizani chingwe pa thunthu, chipindeni patatu, ndipo gawo limodzilo ndiko kunenepa kwa mtengowo, kungopitirirako pang'ono chabe. Ngati munthu wamkulu akuukumbatira zala n'kukumana kuseri, mtengowo sunapitirire masentimita 55 kapena 60. Mango, mapeyala, keshya ndi malaina ambiri a m'mipanda mwathu ali m'gulu limeneli, ndipo mpeni wa 16 kapena 18 umawakwanira.

Musafulumire kupereka chikho kwa amakaniko, nawonso amakokomeza. "Gulani yaikulu, bwana, simudzadandaula," amatero, koma amene adzainyamule si iwo. Stihl 070 imalemera makilogalamu oposa 10 isanaikidwe mpeni, tcheni ndi mafuta, pamene MS 170 ili cha m'ma 4 ndipo MS 382 yangopitirira 6. Kuinyamula mphindi ziwiri m'sitolo n'kosangalatsa. Kuinyamula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pamalo otsetsereka, ndi nkhani ina, ndipo munthu wotopa ndiye amadzicheka. Injini yaikulu imamwanso molingana ndi kukula kwake, ndipo masiku amene petulo timamugonera pa mzere, kudula nkhuni za sabata ndi 106cc n'kuwononga. Chimodzi chokha tiwavomereze: pa zolakwika ziwirizi, mpeni waufupi pa injini yaikulu ndi cholakwika chopepuka. Sowoyo imangodula mwachangu, chovutika n'kukhala thumba ndi mapewa. Mpeni wautali pa injini yaing'ono ndiwo umapha makina.

Palinso kagulu kamene kamalankhula za msana. Amati mpeni wautali umathandiza munthu kudula chipika chili pansi osawerama, ndipo aliyense wopitirira zaka 40 akamva zimenezi amavomereza ndi mutu. Choonadi chilimo, ndipo ocheka ena aatali amasankhadi mpeni wotalikirapo pa chifukwa chimenechi, injini ikakhala yokwanira. Koma nsonga imene ili kutali ndi maso ndi imene imagunda dothi, ndipo tcheni chikangonyambita mchenga kamphindi, mano onse abuntha. Choopsa kuposa pamenepo chimachitika chakumtunda kwa nsongayo kukakhudza nthambi kapena chipika china mwadzidzidzi: sowo imadumpha kubwerera kunkhope munthu asanaphethire. Tcheni chimayenda mamita 20 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake kutsogolo kwa chogwirira kuli chotchinga chija chimene chimamanga buleki ya tcheni dzanja likachigunda. Tikumva kuti ena chikathyoka amangochichotsa osagula china, ati chimangosokoneza. Pa ichi chokha sitiseka, ndipo sitimvera mbali ziwiri. Sowo yopanda buleki isalire pakhomo panu. Chimodzimodzi munthu amene wakwera mu mango ndi sowo yaikulu m'dzanja limodzi, patapata ali kuphazi: mutsitseni, ntchitoyo idikire.

Ndiye pali nkhani imene imachititsa anthu awiri onena zoona kutsutsana mpaka kuda. Wa ku Chikangawa akuti sowo ya 60cc imakoka mpeni wa 24 tsiku lonse. Wa kuchigwa cha Shire akuti bodza lamkunkhuniza, yake ya kukula komweko imavutika ndi wa 20 womwe. Onse akunena zimene anaona, kungoti wina amadula paini, wina anakumana ndi tsanya. Paini wa ku Viphya, ku Zomba ndi ku Dedza ndi wofewa, mano amangosesa. Tsanya ndi muwanga zimabunthitsa tcheni msanga, ndipo zimafuna kuti mpeni ufupike kapena injini ikule. Mtengo wa bulugamu ndiye umasokoneza ambiri: wauwisi umadulika bwino, ukauma umaumiratu mtima. Munthu amene anaugwetsa mosavuta m'dzinja akabwerera kudzauduladula mu Okutobala amaganiza kuti sowo yake yakalamba, chikhalirecho chasintha ndi mtengo.

Mphekesera ina imene timaikonda ndi ya sowo yosankha malo. Akuti ku Nsanje inkabangula, atapita nayo ku Dedza inayamba wefuwefu, achibale n'kuyamba kulozana zala. Apa ufiti tiukhululukire. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, Nsanje ili pansi osafika ndi mamita 100 omwe, ndipo kumtunda mpweya ndi wopepuka. Injini za mtundu uwu zimataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse okwera, kotero sowo ya ku Nsanje ikafika ku Dedza imakhala itasiya m'njira cha m'ma 15 peresenti. Ngati mpeni unali kale pa malire, kumtundako ndi kumene umaululika. Kabuleta nayo imafuna kuchunidwa, ndipo yochunidwira kumapiri mukatsika nayo kuchigwa osaibweza, injini imalandira mafuta ochepa, imatentha, pisitoni n'kupsa.

Ocheka matabwa akamamva mikangano yonseyi amangoyang'ana kumbali, chifukwa ntchito yawo ndi ina. Kudula chipika chopingasa ndi masekondi. Kuching'amba m'litali kuti patuluke thabwa ndi mphindi zambiri, injini ili pa moto wonse osapuma. Awa akati akufuna 72cc kapena 90cc sakudzitama ayi. Ena mwa iwo amanola mano mosiyana, pafupifupi madigiri 10 m'malo mwa 30 amene amanolera tcheni chodulira chopingasa, kuti thabwa lituluke losalala. Mnyamata amene wagula kasowo ka 50cc n'kumalota bizinesi ya matabwa, amalume ake amuuze msanga kuti ayambe ndi nkhuni. Akalipentala nawo ali ndi dandaulo lawo, ndipo ndi lomveka: tcheni chimadya pafupifupi sentimita yathunthu pa mzere uliwonse, kotero pocheka matabwa a inchi imodzi, gawo lalikulu ndithu la chipika limathera mu utuchi.

Wina anabweretsa nzeru yoti ngati mano achuluka, chepetsani mano. Anthu anamuseka, koma sanalankhule zamisala. Alipodi matcheni opangidwa ndi mano otalikirana, ndipo amapangidwira mipeni italiitali yomweyo, kuti zibanthu zipeze malo otulukira ndi kuti injini ipepukidwe. Kungoti anapangidwira injini yaikulu yokoka mpeni wautali kwambiri, osati kupulumutsa kasowo kosenzetsedwa zoposa msinkhu wake. Pa nthambi zing'onozing'ono tcheni chotere chimagwedeza sowo ndipo chimakoka moipa.

Zotsika mtengo zochokera ku China zija, zolembedwa 5200 kapena 5800 pambali, zili ndi bwalo lakelake. Ena amati ndi zidole za sabata imodzi. Ena amati yawo yaphunzitsa ana sukulu. Ogulitsa amati manambalawo akutanthauza 52cc ndi 58cc, pamene amakaniko amene anazimasula n'kuyeza pisitoni amalumbira kuti mkatimo ndi mocheperapo. Chimene tonse tingaone ndi maso n'chakuti zambiri zimatuluka m'katoni ndi mpeni wa mainchi 20 kapena 22, chifukwa wogulitsa naye amadziwa kuti gulu loyamba lija ndi lalikulu. Mukamvetsera bwino amene amati yawo yakhalitsa, mumva kuti mpeni wa m'katoniwo anaupachika n'kuikapo wa 16 kapena 18, ndiponso kuti mafuta amasakaniza monga buku likunenera. Kungoti posintha mpeni, wakalewo ndi tcheni chake mupite nazo kusitolo, chifukwa mabowo omangira, ngalande ndi mano a sipuloketi ziyenera kugwirizana. Mpeni wa Stihl sungokhala pa Husqvarna chifukwa choti kutalika n'kofanana.

Pakona pa bwalo lonseli pamakhala munthu amene salankhula kwambiri. Wakhala pa chitsa, sowo ili pakati pa miyendo, tupa wozungulira ali m'manja, akukankha kawiri katatu pa dzino lililonse, akuwerenga chamumtima kuti mbali zonse zifanane. Mukamufunsa za mpeni ndi injini amangoti, "Bambo, ndionetseni utuchi wanu." Tcheni chakuthwa chimataya zibanthu zooneka, ndipo sowo imadzikoka yokha kulowa mu mtengo, chobuntha chimataya ufa ndipo chimafuna kukankhidwa. Sowo ya 45cc ya mano akuthwa imatha kuisiya kumbuyo ya 70cc ya mano obuntha. Iye amanola nthawi iliyonse akathira petulo. Amadziwa kuti tupa wa mamilimita 4 ndi wa matcheni aang'ono, wa 5.2 kapena 5.5 ndi wa 3/8 yaikulu ija, ndipo amakumbutsa a mpeni wautali kuti mano 42 amadya nthawi kuposa mano 30. Chimene chimamudandaulitsa ndi anyamata amene amapala kwambiri timitu tija tili kutsogolo kwa dzino lililonse, ati sowo idye kwambiri. Timituto tiyenera kutsika kachidutswa chabe, pafupifupi 0.65 ya milimita. Mukatipala mopitirira, dzino limaluma zoposa zimene injini ingakoke, sowo n'kumanjenjemera ndi kulumpha m'manja.

Za oyilo tingakangane mpaka mawa, ndiye tingodutsamo. Petulo wa sowo amasakanizidwa ndi oyilo wa injini za 2-stroke, osati wa galimoto: mamililita 20 pa lita imodzi kwa masowo amene buku lawo limati 50:1, mamililita 40 kwa amene limati 25:1. Oyeza ndi maso ndi amene amadyetsa amakaniko. Ku tcheni ambiri amathira oyilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto, ati ndi waulere, koma amakhala ndi tizitsulo timene timadya pampu ndi mpeni, ndipo samata bwino pa tcheni, kotero mpeni wautali ndiwo umayamba kuuma. Kuyesa kwake n'kosavuta: lozetsani nsonga pa chitsa chatsopano osachikhudza, kwezani moto pang'ono, ndipo paoneke kamzere ka oyilo. Kakapanda kuoneka, musadule.

Akuluakulu a nkhwangwa akamatimva amangomwetulira. Amati nkhwangwa ikhulupirira mpini, ndipo nkhani imene ife tikuiyesa yatsopano iwo anaimaliza sowo isanabwere. Koma mawu olemera kwambiri pa bwaloli amachokera kwa amayi amene amagula nkhuni ndi makala tsiku ndi tsiku. Iwo amafunsa kuti, "Inu abambo, mpeni wa mainchi 36 mukufuna mukadule nawo chiyani? Mitengo yake ili kuti?" Funso limeneli limatontholetsa bawo. Tikakweza maso ku phiri la Ndirande kapena la Soche, chimene timaona kwambiri ndi miyala. Nkhalango ya Viphya, mahekitala 53,000 amene ambiri anabzalidwa kuyambira m'ma 1960, mbali yaikulu inatha ndi moto ndi kudula kosabwezeretsa. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, waukulu ndi wosowa kuupeza tsopano. Mitengo ikuluikulu yambiri yotsala ili m'nkhalango zotetezedwa, m'manda ndi m'mphepete mwa mitsinje, kumene sowo siyenera kulira. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, silifunsa kuti munadula ndi ma cc angati; wopezeka akudula m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo amakayankha kukhoti. Mpeni wautali ukamafunidwa chonchi m'dziko limene mitengo yathu yobzala yambiri ndi yaing'ono, amayiwa ali ndi chifukwa chofunsira kumene umapita usiku. Amatikumbutsanso kuti nyengo yobzala mitengo, kuyambira 15 Disembala mpaka 15 Epulo, imagwa m'miyezi yomweyi imene masowo amalira m'makwalala mwathu, ndiye wogwetsa bulugamu alibe chowiringula kuti mbande zinasowa mvula.

Inu amene mukusunga ndalama kuti mugule sowo, musanakwere minibasi ya ku Limbe kapena ku Malangalanga, yambani mwapita ndi chingwe pa mitengo imene muzidzaidula kawirikawiri, osati umodzi waukulu uja mumaulota. Mitengoyo ikuuzani mpeni, mpeniwo ukuuzani injini. Ngati ndi nkhuni ndi mitengo ya pakhomo, 45cc kapena 50cc ndi mpeni wa 16 kapena 18 zikukwanirani, ndipo ndalama yotsalayo mugulire tupa, tcheni chachiwiri, nsapato zolimba ndi zotseka m'makutu. Ngati ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, tengani 72cc ndi wa 20, wa 24 muusungire tsiku lake. Inu amene mukungoitana wocheka, mufunseni ma cc a injini yake musanasirire mpeni, muone ngati buleki ikugwira, ndipo ngati mtengo waweramira mawaya, yambani mwaitana a ESCOM. Akakuuzani kuti injini ndi ya 45cc koma mpeni ndi wa 24, mumuuze mwaulemu kuti apite akabwere ndi wa 18, ndipo ana muwachotse pamalopo asanakoke chingwe.